Nthochi za M'botolo

Ndinagwira ntchito ku nazale ya esiteti zaka zambiri, kudula timitengo ta tiyi ndi kutisomeka m'machubu, mpaka mawondo anayamba kudandaula ndikamadzuka. Chaka chimene ndinapuma ntchito ndi chomwenso chisaka chinalowa m'nthochi kwathu ku Nchilamwela. Nthochi ikagwidwa ndi matendawa, masamba amatuluka ang'onoang'ono, othinana, oloza kumwamba ngati tsache, ndipo za mkoko mungoiwala. Malole amene ankanyamula nthochi kupita nazo ku Limbe anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Ine ndinatsala ndi kapenshoni m'manja, munda wodwala kuseri kwa nyumba, ndi adzukulu awiri ofunika fizi.

Ndiye kunabwera bambo wina, mwana wa aphunzitsi a ku mishoni, amene anagwirapo ntchito kumalo ofufuza za ulimi. Anali atayambitsa kakampani kake m'galaja yakale ya mathirakitala. Ankatenga kamtima ka nthochi yopanda matenda, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukalera m'botolo mpaka kabereke mbande zambirimbiri. Chimene ankasowa ndi anthu oikamo ndalama kuti agule jenereta ndi ukonde wotchingira nazale. Woikamo adzakhala ndi gawo pa phindu, ndipo munda wake udzakhala woonetsera ogula.

Za masheya ine sindinkazidziwa, koma mbande palibe angandinamize. Ndinapita kugalajako osanena tsiku. Ndinayamba ndayang'ana zikhadabo zake, ndinapeza n'zoyera. Ndinasolola mbande imodzi m'chubu osapempha, mizu inali yoyera, yosapindika. Kenako ndinazungulira kuseri, kumene munthu aliyense amataya manyazi ake, ndipo ndinapeza mulu wa mabotolo ochita nkhungu.

"Awa anatani?" ndinafunsa.

"Anafa, amayi. Magetsi anazima masiku atatu. N'chifukwa chake ndikulirira jenereta."

Akanati kwa iye sikufa kanthu, ndikanatembenuka pomwepo. Ku nazale ndinaona akapitawo obisa mbande zakufa bwana akamabwera, ndipo anthu otero ndimanyansidwa nawo. Choncho ndinaikamo penshoni yanga pafupifupi yonse.

Panali lamulo limodzi. Nthochi zakale zonse zinayenera kuzulidwa ndi mizu yomwe, chifukwa tinsabwe takuda timatenga matenda pa yodwala n'kukasiya pa yabwino. Ndinazula nthochi zimene anabzala amayi anga. Munda unatsala dothi lofiira lokhalokha. Ndinaopa kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndalama inali itapita, nthochi zitapita, ndipo m'malo mwake ndinali ndi timbande tosafika m'bondo.

Munda wanga umachita malire ndi wa achemwali anga aakulu. Iwo anakana kuzula.

"Iwe uli ndi penshoni," anatero. "Ine penshoni yanga ndi nthochi zomwezi, ngakhale zikubereka imodziimodzi. Ndikazula ndidya botolo?"

Achemwali sananame.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda wa masamba. M'mawa uliwonse ndinkagwira tsamba lililonse latsopano n'kuliloza kudzuwa, kufuna timizere tobiriwira kwambiri pafupi ndi msana wa tsamba, chifukwa chisaka chimayamba choncho. Mphepo ikachokera mbali ya achemwali, ndinkathamangira pamalire kukafufuza tinsabwe. Ngakhale pa Sabata, anzanga akuimba, ine mtima uli kumunda. Adzukulu ankandiseka kuti agogo amapatsa moni nthochi asanapatse moni anthu. Koma zinakula bwino ndithu, masamba otambalala, moti odutsa pamsewu ankaima.

Mwini kampani anakonza tsiku loti amayi a ku Chimaliro ndi ku Khwethemule adzaone mundawo. Anandiuza mosabisa kuti jenereta yadya ndalama zonse, ndipo amayiwa akapanda kugula mbande, galaja itsekedwa ndi penshoni yanga momwemo.

Kutatsala masiku awiri, ndinapeza timizere tija pa nthochi ya pamalire penipeni. Ndinaliyang'ana tsambalo katatu, ndikupemphera kuti akhale maso anga okalamba. Sanali maso. Nthochiyo ndinaikumba, n'kuiduladula, n'kuikwirira, pamwamba n'kuyalapo udzu wouma ngati mophimbira chinyezi. Sindinauze munthu. Ine yemwe uja wonyansidwa ndi akapitawo, ndinasesa mpaka mapazi anga.

Tsikulo amayi anabwera ambiri, ndipo mwini kampani anafotokoza bwinobwino za mabotolo ake. Panali mayi mmodzi amene sankamvetsera. Zala zake zinali zakuda ndi utomoni wa tiyi, ndipo pa ngodya ya chitenje anamangapo mfundo ya ndalama imene ankangoigwiragwira. Ndinaiwala kuti munthu wothyola tiyi amayenda ndi mizere moyo wake wonse, moti pamene pasowa tsinde amaona asanafike. Anayenda molunjika mpaka pamalire n'kuima pa udzu paja.

"Amayi," anandiitana, "mzere uwu wadumpha. Panali chiyani apa?"

Bodza linali kale pakamwa. Mbuzi za achemwali zinkalowa m'mundamo kawirikawiri, ndipo aliyense akanakhulupirira. Mwini kampani anandiyang'ana ali wodabwa, pakuti sankadziwa kanthu. Ndinaganiza za fizi, ndinaganiza za galaja yotsekedwa. Kenako ndinayang'ananso mfundo ija, ndipo ndinadziwa kuti mayiyu akapita kwawo akazula zake zonse monga ndinachitira ine.

Ndinakankha udzu uja ndi phazi.

"Inadwala chisaka. Ndinaizula dzana."

Amayi a kumbuyo anayamba kunong'onezana, ena n'kumanga zitenje, ulendo wa kumsewu. Mwini kampani anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja.

"Ndiye zam'botolo zimadwalanso, eti?" mayi uja anafunsa.

"Zimabwera zilibe matenda. Koma nsabwe sizidziwa malire."

"Nanga zatsalazi zipulumuka?"

"Kaya. Sindikudziwa, mayi. Ine ndimagona ndi mantha, kudzuka ndi mantha."

Anagwada, nakanda dothi, natulutsa chidutswa cha tsamba lija n'kuliloza kudzuwa kuti aphunzire maonekedwe a timizere. Mfundo ija sanamasule. Anaisomeka m'chiuno, nasasa m'manja.

"Ndidzabweranso mwezi wamawa," anatero, "koma tsiku sindinena."

Atachoka onse, ndinabwerera pamalire. Mbali zonse za dzenjelo kunali nthochi ziwiri, iliyonse ndi tsamba latsopano lopindika, loti litambasuka m'mawa mwake. Tsidya linalo achemwali ankapalira zodwala zawo, ndipo mphepo inkachokera komweko.