Maapozi Awiri a Pakati

Pamsika amamuitana kuti Achemwali a Maapozi, koma kunyumba ndi Mzime, poti ndiye wotsiriza mwa ana asanu. Benchi yake ili pakona, pamene msewu wochokera kusiteji ya basi umakhotera kuchipatala, ndipo aliyense wodziwa malonda angakuuzeni kuti malo otere sapezeka kawiri. Munthu wokazonda wodwala sapita chimanjamanja, komanso sakhala ndi nthawi yotembenuza chipatso chilichonse.

Katoni imodzi imabwera ndi maapozi 120. Galimoto ikayenda bwino, a bala amakhala khumi. Ikagunda maenje, amafika makumi atatu, mwina makumi anayi. Apozi la bala siliwola tsiku lomwelo. Limangofewa mbali imodzi, khungu n'kumaoneka bwinobwino. Masamu ake Mzime anawapeza yekha, chaka chake chachiwiri pamsika: majumbo makumi awiri, iliyonse maapozi sikisi. Awiri abwino pansi, awiri abwino pamwamba, awiri a bala pakati, mabala atayang'anizana. Akamanga mfundo, katoni yonse yatuluka, palibe chotaya. Anzake a pamsika ankati mtsikanayu ali ndi mutu, iye n'kumamva kukoma.

Amene sankawadziwa masamuwa ndi bambo ake. Iwo anagwira ntchito zaka 31 kumalo opikulitsa zipatso, ntchito yawo kusankha: ichi chipite, ichi chitsale. Anzawo anawatcha a Chala, chifukwa ankangodutsitsa chala pachipatso, osachiyang'ana n'komwe, n'kuchiponya m'dengu loyenera. Ndi iwo anamuphunzitsa Mzime kugwira apozi ngati dzira. Maso atachita ng'ala anasiya ntchito, ndipo mayi ake atamwalira anadzakhala kwa Mzime, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa okonza matayala. Mlendo aliyense ankamuuza zimodzimodzi: "Anyamata anga anayi aja palibe anatenga dzanja langa. Anatenga ndi uyu." Mzime akamva mawuwa ankapeza chochita kukhitchini.

Loweruka lina, bambo ake ali chigonere sabata yachiwiri ndi chifuwa, pabenchi panaima mkulu wina wa jekete yotuwa ndi chipewa chopindika.

"Mwanawe, undisankhire abwino. Ndi a wodwala, mnzanga wakalekale."

"Onsewa ndi abwino, bambo. Afika lero lomwe," anayankha Mzime, dzanja litatola kale jumbo ya pamwamba. Mawu amenewa ankawanena kakhumi pa ola, moti sankadutsanso mumtima.

Anaweruka cha m'ma 3 koloko kuti akawapatse bambo ake mankhwala. Polowa m'nyumba anamva kuseka kuchipinda, kuseka kosakanikirana ndi kutsokomola. Pampando wa pakhomo panali chipewa chopindika chija. Pakatebulo, pambali pa botolo la mankhwala, panali jumbo ya maapozi sikisi, mfundo yake yomwe iye anamanga m'mawa.

"Mzime, dzapereke moni," anatero bambo ake. "Awa ndi a Dalaivala, amene ankandiphwanyira zipatso zaka makumi awiri ndi mabuleki awo."

"Mabuleki analibe mlandu, mdala. Iwe unkangofuna chodandaula kuti bwana akuone ngati wolimbikira."

Mzime anagwada n'kupereka moni. A Dalaivala anamuyang'ana nkhope, n'kuyang'ana epuloni yomwe anali asanavule, nsidze zawo n'kukwera pang'ono. Anamuzindikira. Koma anangoti, "Wakulatu. Ndinakusiya uli kumsana kwa mayi ako."

"Taona nzeru za dalaivala," bambo ake anapitiriza. "Kubweretsa maapozi m'nyumba ya wogulitsa maapozi, ngati kupatsa telala singano. Tabwera nayo kuno jumboyo, ndimve ngati sanam'bere. Munthuyu kugula sadziwa, ngakhale nsapato ankamugulira ndi mkazi wake."

Anatambasula dzanja, chala chachikulu chili chire. Mzime anaitola jumboyo msanga n'kuifungatira pamimba.

"Ndi chifuwa chimenecho simungadye ozizira, bambo. Ndikuphikireni kaye."

Sanadikire yankho.

Khitchini yake ndi kangodya ka pabalaza, kotchingidwa ndi kabati. Pali sitovu ya magetsi ya mbale ziwiri, koma imagwira ndi imodzi. Anaiyatsa, n'kumasula mfundo ya jumbo ija. Anasenda anayi abwino aja, kuwachotsa njere, kuwaduladula. Kenako anatenga a pakati. Zaka zitatu akumanga majumbo otere, anali asanadulepo ngakhale limodzi mwa omwe ankagulitsa. Mpeni unalowa ngati m'phala. Bala lomwe kunja linkaoneka laling'ono ngati batani, mkati linali litada mpaka kunjere. Pa maapozi awiriwo anapulumutsapo tizidutswa tosadzaza chikhatho. Zowolazo anazikwirira pansi penipeni pa bini, n'kuziphimba ndi makoko a anyezi.

Anasungunula supuni ya majarini m'poto, n'kuthiramo maapozi, masupuni atatu a shuga, sinamoni, kajinja kosinja, madontho a ndimu ndi madzi pang'ono. Anavundikira, n'kuchepetsa moto. Manja ankachita okha, poti chakudya chimenechi anachiphunzira ali wamng'ono. Masiku amenewo bambo ake ankabwera kuchokera kuntchito ndi maapozi okanidwa, omwe antchito ankaloledwa kutenga. Mayi ake ankawachotsa mabala n'kuwaphika chomwechi, ana asanu atazungulira sitovu aliyense ndi supuni yake. Mwana akadwala kapena akalephera mayeso, mbale yake inkadzaza kuposa ya anzake.

Poto anayamba kubwata pang'onopang'ono. Fungo la sinamoni linadzaza nyumba mpaka kuphimba la matayala lochokera panja. Tsiku lina lililonse fungo limeneli likanamukhazika mtima pansi. Lero anaima ndi mthiko m'manja, khutu lili kuchipinda, kudikira nthawi yomwe kuseka kuleke, a Dalaivala atsitse mawu. Sikunaleke. Ankakumbutsana za lole yomwe inafa pamlatho itanyamula mavwende. Ubwino wa mkuluyo unamuwawa kuposa mbama.

Patatha mphindi khumi ndi zisanu maapozi anafewa, msuzi wake utakhuthala n'kumanyezimira. Anagawa m'mbale ziwiri, n'kuona kuti zachepa. Anazisalaza ndi supuni kuti zioneke zambiri.

Bambo ake anaigwira mbaleyo ndi manja awiri, n'kuyamba aotha zala. Ananunkhiza. Anadya supuni imodzi, yachiwiri, maso atatseka, ndipo kwa kanthawi chifuwa chinawaleka.

"Mayi ako enieni," anatero motsitsa.

A Dalaivala ankangogwedeza mutu, kukamwa kutadzaza. "Mdala, ukudwala mwaulemu. Ine ndikadwala amandipatsa madzi otentha basi."

Bambo ake anadyanso supuni ina. Kenako anafunsa, ngati munthu wofunsa nthawi.

"A bala anali angati?"

Mzime anaima ndi thireyi m'manja. "Bambo?"

"M'nyumba mwathu apozi labwino sitinaliphikepo. Labwino timadya laliwisi. Unathamangira kusitovu chifukwa unaona kanthu. Angati?"

Apa m'pamene Mzime anazindikira chomwe wachita. Pofuna kubisa, anawapatsa umboni m'mbale, wotentha, wothira shuga.

"Awiri."

"Mwa sikisi. Anali pakati?"

"Pakati."

Bambo ake anaika supuni pansi. "Ndimawadziwa anthu amenewa. Amatembenuzira bala mkati, mfundo n'kumanga yolimba kuti usamasule pamaso pawo. Iwe mdala, unanena kuti ndi a wodwala?"

"Ndinanena," anayankha a Dalaivala.

"Wamva, Mzime? Munthu wanena kuti ndi a wodwala, iye n'kumupatsabe. Wotereyo kwawo analeredwa ndi ndani? Mdala, unagula pati? Mwanangayu amawadziwa onse a pamsika, Lolemba akamuyankhule."

A Dalaivala anakanda m'mutu, maso ali m'mbale. "Aa, kwa munthu wina kusiteji uko. Anali ambirimbiri, sindingamukumbuke. Zisiye, mdala. Si izi tikudya zokoma?"

Khomo lothawira linali litatseguka, ndipo Mzime akanatha kungodutsapo. Bambo ake sakanaona nkhope yake. Koma mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri anali atanama m'malo mwake, makutu akuoneka kuti akumutentha, ndipo bodzalo akanalinyamula mpaka kwawo pabasi.

"Anagula kwa ine, bambo."

Panja wina ankamenya tayala ndi nyundo. Anamenya kanayi, kasanu, kenako bambo ake anafunsa.

"Lero lokha?"

"Ayi."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu."

Mzime anadikira kukalipiridwa. Anakulakalaka, chifukwa mawu okalipa amakhala ndi pothera. Koma bambo ake sanatembenukire kwa iye. Anafufuza ndi dzanja pabulangete mpaka anapeza bondo la mnzawo, n'kuligwira.

"Mnzanga, pepa. Wakwera mabasi awiri kudzandiona, n'kudzaberedwa ndi nyumba yanga yomwe. Ntchito ndinamuphunzitsa ndine. Kaya ndinadumpha pati."

"Iwe, usatero. Malonda a masiku ano ndi ovuta. Ana akuyesetsa."

"Ankavutanso kale."

Mzime analakalaka nthaka itang'ambika. Bambo ake, omwe sanapepesepo ngakhale kwa bwana, ankapepesa atagona, mawu akusasa, chifukwa cha maapozi ake awiri. Bambowo anatambasula dzanja ndi mbale ija kumbali komwe ankamva kupuma kwa Mzime. Munali mutatsala theka.

"Ndikusungireni?"

"Sunga. Pabenchi patsala majumbo angati?"

"Seveni."

"Lolemba usanagulitse kanthu, uwamasule onse."

"Chabwino, bambo."

Bambo ake anakoka bulangete n'kutembenukira kukhoma. A Dalaivala anayesa kuyambitsanso nkhani ya mavwende ija, koma sinayake. Mzime anavundikira mbaleyo ndi sosala, n'kubwerera kuseri kwa kabati. Shuga anali atamatirira pansi pa poto. Anathiramo madzi n'kuyamba kukwecha, ndipo poto atayera anapitirizabe kukwecha, poti mlendo anali asanatsanzike, ndipo iye sankadziwa kuti akawaperekeza ndi nkhope iti.