Chete wa pa Foni ya Ambulansi

Inu amene mwakhala pansi lero n'kumati zanu zinatha, tamvani za mtsikana uyu. Anthu a m'dera lawo ankamutcha Injiniya, koma musayese ulemu. Kunali kunyogodola. Anapita ku yunivesite kukaphunzira za makompyuta, mayeso n'kumukana, sukulu n'kumuuza kuti alongedze. Anabwerera kudzakhala pa shopu ya malume ake, n'kumagulitsa machaja a mafoni. Odutsa pamsewu ankakuwa: "Injiniya, chaja chimenechi mwapanga nokha eti?"

Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, mayi ake anagwa pakhomo pa bafa atagwira pachifuwa. Injiniya anaimba nambala ya ambulansi. Foni inalowa ndithu, kenako zii. Sikunali kuduka, ayi, kuduka kumadziwika. Kunali ngati wina wanyamula foni, waika pakhutu, akumvetsera, koma sakufuna kuyankha. Ankangomva kupuma kwake komwe kukubwerera m'khutu.

"Halo! Thandizeni, mayi anga agwa!"

Zii. Anadula n'kuimbanso, chimodzimodzi. Mmene munthu ankayankha, mmene galimoto inkafika, mayi anali atatsikira kulichete.

Maliro atatha, Injiniya anagwidwa ndi chizolowezi chomvetsa chisoni. Masana aliwonse ankaimba nambala ya malemu mayi ake, n'kumvetsera mpaka mawu a makina amuuze kuti nambalayo sikupezeka. Malume ake anamuona.

"Mwana wa mlongo wanga, zina n'za Mulungu. Zisiye."

"Za Mulungu ndamusiyira, malume," anatero. "Koma chete uja ngwa makina. Ndikufuna ndidziwe chimene chinandimvetsera osandiyankha."

Kuseri kwa shopu kunali kompyuta yakale yomwe kasitomala wina anaitaya. Anaipukuta fumbi n'kuyamba kuwerenga chinthu chomwe chinamugwetsa kusukulu chija: phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, lomwe akatswiri amalitcha kenelo. Ndiye mwini nyumba ameneyo. Mawu, mawaya, zosungira, zonse zimadzera m'manja mwake. Injiniya ankagulitsa chaja, n'kubwerera kukawerenga. Ankaiwononga kompyutayo, n'kuikonza, n'kuiwononganso. Ankatumiza tizokonza take kwa akatswiri a pa intaneti, iwo n'kumubwezera ndi mawu owawa ngati tsabola. Ankalira, inde, koma mawa lake ankatumizanso. Zaka zitapitapo, tizokonza take tinayamba kulandiridwa, ndipo kampani ina yaing'ono inamulemba ntchito. Ndi kampaniyo imene inkasamalira makina a ku ofesi yolandira mafoni a ambulansi.

Tsiku loyamba kulowa mu ofesimo, Injiniya anaima pakhomo n'kumwaza maso. Munali mizere ya madesiki, amayi ndi abambo atavala zomvera m'makutu, aliyense akulankhula ndi munthu wosweka mtima. Kumbuyo kunali chipinda chozizira ngati mosungira mitembo, makina akung'ung'udza okhaokha. Ali chiimire, mawu onse anaduka pakati. Mayi wina wamkulu, yemwe anzake ankamutcha Anakubala, anagwetsa manja pa desiki.

"Mlendo wabwera," ananong'ona.

Palibe anaseka. Timagetsi tonse ta pa makina tinali tobiriwira, kusonyeza kuti zonse zili bwino, koma m'makutu munali zii. Wina anatsinzina n'kuyamba kupemphera. Patapita kanthawi mawu anabwerera okha, ngati palibe chachitika.

"Ena amati ndi mizimu ya anthu amene anafa akudikira ife," anatero Anakubala. "Ine sindidziwa, mwanawe. Ndimangodziwa kuti akabwera, kwinakwake kuli munthu akukuwa yekha."

Injiniya sanawauze kuti tsiku lina wokuwayo anali iye.

Mkulu wa akatswiri, bambo wodekha yemwe onse ankamutcha Amagalasi, anali atayesa zambiri. Mawaya anasintha, mapulogalamu anafufuza, koma Mlendo sankasiya phazi. Pa makina oyeserera sankabwera n'komwe. Kuzimitsa makina enieniwo n'kosatheka, poti mafoni sapuma.

"Tiwafunse makinawa ali m'kati moyenda, bwana," anatero Injiniya.

Njira yake ndi iyi. Kenelo ndi mulu wa tintchito ting'onoting'ono, kalikonse ndi khomo lake. Pomanga, pakhomo lililonse amasiyapo dala kampata kokhala ndi lamulo lopanda ntchito, longoti "dutsa". Makina ali m'kati mogwira ntchito, munthu angathe kufufuta lamulo limenelo n'kulembapo lina: "uyambe wadzera kwa kalondolondo." Kalondolondoyo ndi kapulogalamu kolemba yemwe walowa, nthawi yomwe walowa, ndi yomwe watuluka. Koma n'zofunika dzanja lofatsa. Makina ali ndi mitu ingapo yoganiza nthawi imodzi, ndipo mutu wina ukawerenga lamulo lolembedwa theka, zonse zimagwa. Choncho umayamba waikapo chizindikiro choimitsa, mitu yonse ichione, kenako n'kumaliza kulemba. Kuli ngati kusoka chigamba pa malaya munthu atavala, akuthamanga.

Amagalasi anavomera. Injiniya analemba kalondolondo wake, namuyesa pa makina oyeserera pa makomo ochepa okhudza mawu. Zinayenda. Anamuika pa makina enieni. Mlendo anabwera, napita, kalondolondo osaona kanthu.

Apa m'pamene mtima unamuthamangira. Anati, bwanji ndingotsegula makomo onse? Anadina.

Mayo ine! Anaiwala chinthu chimodzi. Kalondolondo wakeyo, kuti alembe nthawi, ankafunsa kantchito kowerenga wotchi. Tsopano khomo la kantchito kameneko nalo linali kunena kuti "uyambe wadzera kwa kalondolondo." Kalondolondo anaitana wotchi, wotchi n'kuitana kalondolondo, kalondolondo n'kuitananso wotchi, osalekeza, ngati munthu woitana dzina lake m'nyumba yopanda anthu n'kumadziyankha yekha. Makina anauma gwa. Timagetsi tobiriwira tija tinathima.

Anatuluka m'chipinda chozizira chija. Ofesi yonse inali zii. Anakubala anamuyang'ana, zomvera zili m'manja.

"Ndinali ndi bambo wina pa foni. Mwana wawo wameza chinthu, sakupuma bwino."

Abale inu, pali ululu woposa uwu? Munthu amene anadzipereka kusaka chete uja, lero chete anali iye mwini. Amagalasi anayatsanso makina thukuta lili kamukamu. Anakubala anaimbira bambo aja pa foni yawo ya m'manja, ndipo mwa chisomo chokha mwanayo anapulumuka. Koma Injiniya anauzidwa kuti asiye makiyi, akadikire kunyumba.

Anabwerera kuseri kwa shopu ya malume, pa kompyuta yakale ija. Odutsa anayambanso: "Injiniya, mwabwerako?" Iye anangoyatsa kompyuta ija. Anabwereza cholakwa chake dala pa kompyutayo mpaka anachimvetsa mbali zonse. Anatchinga makomo onse amene kalondolondo amadzerapo yekha, naika mlonda woti kalondolondo akayamba kudziitana, aleke pomwepo. Kenako anapita kwa Amagalasi, osati kukadandaula, koma kukawaonetsa.

Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, navula magalasi.

"Unalakwa, mwanawe. Inenso ndinalakwa kukusiya wekha. Mutu umodzi susenza denga. Ulendo uno tikhala awiri, khomo ndi khomo."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankatsegula makomo ochepa, n'kudikira Mlendo, n'kutseka, n'kutsegula ena. Tsiku lina mvula inagwa yamphamvu, ngozi zinachuluka m'misewu, mafoni n'kumalira ngati achule. Mlendo anabwera, ndipo ulendo uno anaponda pa msampha.

Pa sikirini panaoneka kantchito kena kakale komwe kanalowa koma osatuluka. Mafoni akachuluka, malo osungira mawu ojambulidwa ankadzaza, ndipo kantchitoko kankatseka njira yonse ya mawu n'kuyamba kuitana bokosi lina losungira kuti lilandireko katundu. Kankaitana, n'kudikira. Kankaitananso, n'kudikira. Mpaka katatopa m'pamene kankatsegula njira.

"Bokosi limeneli lili kuti, bwana?"

Amagalasi anamutengera kumapeto kwa chipinda. Pashelefu panali malo opanda kanthu, fumbi litazungulira pomwe bokosi linkakhala, waya akulendewera yekha.

"Linapsa kalekale. Tinalitaya, koma palibe anawauza makinawa."

Injiniya anayang'anitsitsa waya wolendewera uja. Zaka zonsezi makina ankaitana chinthu chakufa, n'kuleka amoyo akukuwa pakhomo. Dzanja lake linafika pa foni ya m'thumba, yomwe masana omwewo anaimbira nambala ya mayi ake. Misozi inangotsika yokha.

Anakonza podzera pakhomo la kantchito kakale kaja. Analemba kantchito katsopano kosadikira wakufa, ndipo awiriwo, atayesa n'kuyesanso, anasintha lamulo la pakhomo kuti aliyense wofika apatukire kwatsopanoko. Makina sanazime, ndipo palibe foni inaduka.

Mvula yotsatira itagwa, Injiniya anakaima kumbuyo kwa Anakubala. Mafoni anawirikiza, ofesi yonse ikudikira Mlendo. Foni inalira. M'zomvera munatuluka mawu a mtsikana, onjenjemera.

"Halo! Thandizeni, mayi anga agwa!"

"Ndakumva, mwanangu," anayankha Anakubala nthawi yomweyo. "Ndili nawe. Tandiuza, uli pati?"

Injiniya anatuluka panja n'kukalirira pakhonde. Masana amenewo sanaimbe nambala ija. Anaimbira malume ake, ndipo iwo anayankha.

Lero akamati Injiniya, palibe amaseka. Tsono inu amene mayeso anakukanani, inu amene munayesa kukonza n'kuwononga kuposa poyamba, dzukani mukaone pomwe munapunthwira. Lekani kugogoda pa chitseko cha zomwe zinapita, amoyo akukudikirani. Kwinakwake kuli munthu akukuwa yekha pa foni, ndipo mwina yankho lake lili m'manja mwanu. Mtima wanuwo musautaye, ugwireni zolimba.