Tsiku Limene Ndinakana Kupuma

Chigalimoto cha malasha chikadutsa kuno ku Zobue, fungo lake limandibwezera kusikola yathu ya ku Moatize. Lolemba lina apulofesola, aphunzitsi athu, anapachika kansalu koyera pazenera. Pofika Lachisanu kanali bii.

"Malashawa akukayatsa magetsi kutali, koma fumbi likutsala kuno," anatero. "Izi ndi zimene mukupuma."

Ndinachita mantha. Poweruka ndinatsina mphuno, n'kumapuma mobera njira yonse, mpaka ndinagwa ndi chizungulire pakhomo pathu. Bambo, amene ankagwira ntchito kumgodi, atamva chifukwa chake anaseka mpaka kutsokomola.

"Puma, mwanawe. Fumbi lomweli ndi limene likutidyetsa."

Ndakula tsopano, ndipo chimandiwawa n'chakuti apulofesola ndi bambo, onse awiri ananena zoona.