Dzino langa padenga la anganga

Ndinali mu Sitandade 1 pamene dzino langa lakutsogolo linayamba kugwedera. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Malindi, m'nyumba yamalata ya aphunzitsi, poti bambo anga anawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Dedza. Ndinali mwana wa mafunso osatha, ndipo amuna anga amati mpaka lero sindinasinthe.

Tsiku lina amayi akuchapa anandiuza kuti dzinolo likaguluka ndiliponye padenga, khwangwala adzalitenga n'kubweretsa latsopano.

"Nanga adzadziwa bwanji kuti ndi langa?" ndinafunsa.

"Amabweretsa panyumba pomwe walipezapo. Tachoka apa, undipondera sopo."

Amayi anangoyankha kuti ndiwachoke, koma ine mawuwo ndinawasunga ngati a m'Baibulo.

Kuseri kwa sukulu kunkakhala bambo wina wokalamba, wosoka maukonde a asodzi. Ana tonse tinkawatchula kuti anganga, monga amaitanira agogo kumeneko. Sanali munthu wa nthabwala ayi. Ukangoponda ukonde umene ayala, ankakukalipira m'Chiyao mpaka nkhuku kubalalika. Komabe ine ndinkapitako, chifukwa m'kamwa mwawo munali chinthu chimene sindinachionepo: munalibe dzino ndi limodzi lomwe. Anzawo ankadula ulusi ndi mano, iwo ankachita kufufuza kampeni. Nzimbe ankaikonda zedi, koma ankaiduladula tizidutswa, n'kutitswanya ndi mwala, kenako n'kumayamwa pang'onopang'ono. Ndikawaona choncho ndinkawamvera chisoni.

Ndinaganiza mozama, n'kupeza pamene panagona vuto. Ankakhala okha, ndiye pakhomo pawo panalibe munthu wa dzino loti n'kuponya. Khwangwala akanabwera kudzatani?

Dzino linaguluka pa buleki, ndikuluma mango aawisi. Ndinalifumbata mpaka kuweruka. Ndinkadziwa bwino zimene ndikuchita: ndikaliponya kwa anganga, latsopano lipita kwa iwo, ine ndikhala wachigweru mpaka kukalamba. M'kalasi mwathu anyamata anali atayamba kale kundiimba nyimbo. Ndinaima nthawi yaitali panjira, kenako ndinakhotera kwa anganga n'kuliponya padenga lawo laudzu ndi mphamvu zanga zonse.

"Iwe mwana wa aphunzitsi! Ukugenda nyumba yanga?"

Anali pansi pa mtengo, ukonde uli pamwendo. Ndinawafotokozera zonse, mawu akutuluka ndi mphepo pachigweru paja. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anangosiya kusoka n'kundiyang'ana.

"Pita kwanu," anatero, koma motsitsa.

Kunyumba ndinangoti ndaponya padenga, osatchula denga lake. Kuyambira tsiku limenelo akhwangwala ndinkawaopa ndi kuwalemekeza. Ndikamuona mmodzi akuyendayenda pamchenga ndi kolala yake yoyera ija ngati abusa, ndinkaima chilili, ndikudzifunsa ngati ndi yemweyo wanyamula nkhani yathu. Madzulo aliwonse ndinkadzera kwa anganga.

"Anganga, tayasamulani."

Munthu woopedwa ndi mudzi wonse uja ankaika pansi ntchito yake n'kuyasamula. Ndinkasuzumira bwinobwino, m'mwamba ndi m'munsi. Munali usinini wokhawokha.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina lilime langa linakhudza kanthu kakuthwa pachigweru. Ndinathamangira pa kagalasi ka bambo kometera ndevu. Kadzino koyera kanali katasuzumira. M'malo mosangalala ndinalira chokweza, moti amayi anaganiza kuti ndalumidwa ndi chinkhanira. Kwa ine zinali zoonekeratu kuti khwangwala wasokoneza nyumba, ndipo ine ndadya za nkhalamba. Ndinathamanga osavala nsapato.

"Anganga, pepani! Dzino lanu lamera kwa ine!"

Anapukuta manja pa nsalu yawo, n'kundigwira chibwano, n'kuyang'anitsitsa ngati akufuna pong'ambika pa ukonde.

"Eya, lafika," anatero. "Khwangwala wakoyo anabwera kuno Lachisanu, nditangochoka ku mzikiti. Anatera apo, dzino lili kukamwa. Ndinaliyesa, koma n'laling'ono, nzimbe silingathe. Ndiye ndinamuuza kuti alipititse kwa mwini wake, nyumba yamalata ija."

Misozi inauma pompo. Ndinayang'ana pamene analozapo, pansi pamene panatera khwangwala, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndisapondepo. Ndinali nditaima pamaso pa munthu amene amalankhula ndi akhwangwala, iwo n'kumumvera!

"Koma pali ntchito," anapitiriza. "Likakula, uzidzandisendera nzimbe. Wamva?"

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Tsiku lililonse ndinkaliyeza ndi lilime, ndikulifulumizitsa. Koma lisanafike n'pakati pomwe, bambo anawasamutsira ku Ntcheu, lole inabwera, ndipo tinanyamuka anganga atapita kugombe kukapereka ukonde. Sindinawaonenso.

Dzinolo linamera lopendekeka pang'ono. Chaka chatha dokotala wa mano anandiuza kuti akhoza kuliwongola, osavuta n'komwe. Ndinakana. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ine, mayi wa ana atatu, ndinayankha ndisanaganize kuti dzino limeneli si langa ndekha.