Mayi Joanna ndi a Rose awiri

Mayi Joanna Namakhwa, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Nsamala m'banja la alimi lomwe makolo ake anachokera ku Mozambique. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma ankalemba mwaudongo, moti atakwatiwa kuno ku Phalula bambo mfumu anawapatsa makiyi a kabati ya mabuku a tchalitchi. Anawasunga zaka makumi atatu.

Mabuku amenewa ngovuta. Ubatizo uli ndi buku lake, Ukaristia woyamba lake, ulimbitso ndi ukwati chimodzimodzi, moti mkhristu mmodzi amakhala womwazika m'mabuku anayi. Mayi Joanna ankajambula mizere ndi rula m'kope lalikulu, n'kusonkhanitsa zonse za munthu pa mzere umodzi, sakramenti lililonse m'chigawo chake. Koma asanalumikize ankayamba afunsa dzina la mayi wa munthuyo ndi mudzi wake. "Kuno mayina timabwerekana ngati mchere," ankatero.

Parishi itapeza kompyuta, ntchito yolowetsamo mabukuwo inaperekedwa kwa a Samson, mlembi wa komiti, omwe mayiwa anawaphunzitsa katekisimu akuyendabe ndi kabudula wong'ambika. Mayi Joanna anawachenjeza za mayina ofanana. A Samson anangoseka. "Iyayi amayi, makinawa sasokonezeka ngati ife." Kope lija sanalitsegule n'komwe, ndipo analamula kompyuta kuti iziphatikiza zonse za dzina lofanana pa mzere umodzi.

Sipanapite nthawi, Rose Blasius, mtsikana wa m'kwaya, anabwera kudzalembetsa ukwati. Pepala lotuluka m'makina linasonyeza kuti anakwatiwa kale ku Machinga. Akuchimuna anapsa mtima, chilengezo chinaimitsidwa, ndipo Rose anasiya kutuluka m'nyumba. Lamulungu lake Misa itatha, a Samson anaimirira kutsogolo. "Mabukuwa tinawalandira ali osokonezeka kale. Mayi athuwa akula, maso atha." Masana omwewo Mayi Joanna analandidwa makiyi.

Zinawapweteka kwambiri, makamaka poti wowanamizirayo anali mwana yemwe anamuphunzitsa okha. Ankadziwa kuti m'kope mwawo muli a Rose Blasius awiri, wina mayi ake a ku Phalula, wina a ku Machinga. Koma anaona kuti kukangana sikubweza ukwati wa mtsikanayo. Anakwera minibasi ya ku Machinga Boma, nafunsa mumsika masiku awiri, mpaka anampeza Rose winayo akugulitsa tomato, mayi wa ana anayi. Anabwereka khadi lake la masakramenti n'kukalitula kwa bambo mfumu.

"Bambo, awa ndi ana a Mulungu awiri. Musawasandutse mmodzi."

"Nanga analakwitsa ndani, amayi?"

"Ine ndangobweretsa khadi, Bambo."

Ukwati unadalitsidwa. A Samson anakonza mzerewo mwakachetechete, koma mawu awo aja sanawabweze, ndipo makiyi sanabwerere. Zaka zisanu ndi chimodzi Mayi Joanna ankakhala pa benchi yakumbuyo, kusesa tchalitchi Loweruka, kuyendera odwala a mu mphakati wawo, uku ena akunong'onezana kuti ndi aja anasokoneza mabuku. Ankamva ndithu. Mwana wawo atafuna kukalalata ku komiti anamuletsa. "Msiye Samson. Ndimamupempherera, ngakhale pakamwa pamalemera."

Anamwalira m'mawa wa Lachinayi, atadzozedwa, kolona ili m'manja, Rose wa m'kwaya uja atawagwira phewa. Pa maliro a Samson ndi amene anawerenga mbiri yawo, ndipo sanachite manyazi kunena kuti anatumikira bwino mpaka ukalamba unawasokoneza.

N'chifukwa chake tikulemba muno, kuti aliyense awerenge. Mayi Joanna sanasokoneze buku ngakhale limodzi. Ambiri tinadziwa zimenezi kuyambira tsiku la ukwati wa Rose, koma tinkangowapatsa moni wa mtendere pa Misa, n'kubwerera pa mipando yathu osanena kanthu. Iwo anatikhululukira tisanapepese, ndipo mpaka anatisiya palibe mmodzi wa ife anapepesa.