Anandichotsera fani ati ku Dedza kumazizira

Munthu wina pa boma la Dedza wandiphera kompyuta, wandiwonongera ndi chitengwa chomwe. Ndi a Jailosi, aja okonza mawailesi kuseri kwa msika, amene chiyambire matipate analemba pakhomo pawo kuti amakonzanso makompyuta. Ndikulemba izi mwamanyazi, koma ndikakhala chete mawa apusitsa wina.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Agnesi, kumudzi wina kuseri kwa Bembeke. Ndimalima munda wa apongozi, ndimafolera nyumba zawo, mbuzi ikasowa woyamba kuthamanga ndine. Sindikudandaula, ndi mwambo. Koma mwamuna aliyense amafuna tsiku lina atenge mkazi wake akamange kwawo. Nditapempha chitengwacho, atsibweni ake a Agnesi, a Chimphonda, amene ndiwo eni mbumba, anandiyankha mwachidule: "Tione kaye chimene mukamudyetse mwana wathu."

Ndiye ndinaganiza za magemu. Ku Lilongwe ndinaonapo ana asukulu akulimbirana kompyuta imodzi, kulipira kuti ayendetse galimoto la pa sikirini. Ndinati zimenezi kwathunso zingatheke. Ofesi ina ya zachitukuko pa boma inali kutseka, ikugulitsa katundu wakale. Ndinagulitsa kachewere wanga yense wa kudimba n'kugula kompyuta yomwe alembi ankatayipira makalata. Kulemera kwake ngati thumba la feteleza. Ndinapezanso kachipinda ka magetsi pa sitolo za kumsewu waukulu.

Chotsala chinali kuisandutsa ya magemu. Kompyuta ya muofesi imadziwa makalata basi. Kuti galimoto lithamange pamafunika kadi ya zithunzi ndi ina ya mawu, zolowetsa m'bokosimo. Apa ndi pomwe ndinagwera m'manja mwa a Jailosi.

Ndinaipititsa mu Juni, nditaikulunga m'bulangete n'kuimanga pa kaliyala. A Jailosi anangoigogoda ndi chala n'kunena kuti iyi ndi ntchito yaing'ono, ndibwere Lachisanu. Ndinalipira zonse pomwepo. Inde, zonse. Sekani, ndakulolani.

Lachisanu ndinapalasa m'chisanu chija, zala zitauma gwa. Ndinapeza loko. Sabata inayo mkazi wawo ati apita ku Lilongwe kukatenga kadi. Inayo ati kadi yabwera koma ndi yolakwika. Inayo ati magetsi. Tsiku lina ndinawapezerera akudya chimanga chootcha, kompyuta yanga ataisandutsa tebulo, pamwamba pali zitsononkho. Nditafunsa anati: "Achimwene, kompyuta si njinga. Mukufuna ndifulumire ndiiwononge?" Ndinapepesa. Ine mwini katundu, ndinapepesa!

Kumudzi a Chimphonda akakumana nane ankangofunsa ngati makina aja afika. Ine n'kumati akuwamalizitsa.

Anandipatsa kumayambiriro a Okutobala. Bokosi lili chotsegula pa tebulo, anayatsa, galimoto lofiira n'kutulukira pa sikirini, kulira kwake ngati lenileni. Mtima wanga kuti myaa. Anazimitsa msangamsanga n'kuyamba kutseka bokosilo. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kafani kakuda kali pambali, timawaya take tikulendewera. Ndinafunsa ngati sikanali ka m'kati mwa kompyuta yanga.

Ati eya, nkake, koma kadi yatsopanoyo ndi yaitali, kafaniko kamatchinga malo. Ndinati nanga siitentha? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Azungu amaika timafani timeneti poganizira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Inu mumakhala kuti?"

Ndinati ku Bembeke.

"Ndiye fani ya chiyani? Kuja anthu amawotha moto masana. Kuzizira kwa kwanuko ndiye fani."

Abale, ndinakhulupirira. Choipa kwambiri, mawu amenewo ndinakawabwereza kumudzi monyadira, pamaso pa a Chimphonda, kuti makina athuwa awakonzera nyengo ya ku Dedza. Anagwedeza mutu, ati zamakono.

Tinatsegula Loweruka. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, ngakhale kuno kumapiri silisewera. Denga la malata, zenera limodzi, anthu tho. Ana asukulu, anyamata a njinga, amayi ogulitsa tomato, aliyense kufuna kuona. Ndinayatsa m'ma naini. A Chimphonda anakhala pa mpando wakutsogolo, ndodo pakati pa miyendo. Galimoto likakhota iwonso kupendekera komweko. Chamumtima ndinati lero mkazi ndatenga.

Chakumasana apongozi anga aakazi anafika, atayenda wapansi kuchokera kumudzi. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, salankhulana pamaso. Tikakumana m'njira ine ndimapatukira kutchire. Ndiye atalowa ndinasunthira pakona, maso pansi. Anamasula kampango n'kutulutsa nsalu yoyera yopeta maluwa, yomwe anakhala akusoka miyezi yonse imene ine ndinkapalasa kwa a Jailosi. Kunyumba kwawo wailesi ili ndi nsalu yake, kabati ili ndi yake. Kwa iwo chinthu chamtengo sichikhala pafumbi chosavala. Anagwada n'kuyala nsaluyo pa bokosi la kompyuta bwinobwino, mbali zonse. Amayi anaimba nthungululu.

Bokosilo ndinali nditalikhudza kale, linali lotentha ngati simbi. Mtima unandiuza kuti nsaluyo ichoke. Koma ndiuzeni, ndi mkamwini uti angachotse mphatso ya apongozi pagulu, eni ake ali chigwadire? Ndinamunong'oneza Agnesi. Anati: "Mukufuna amayi alire? Si munati kuzizira kwa kuno n'kokwanira?" Nsaluyo ndinaisiya pomwepo.

Sipanatenge nthawi. Galimoto linaima njii pakati pa msewu. Kenako fungo la pulasitiki yopserera, kautsi kutuluka kunsi kwa maluwa aja, sikirini kuti bii! Wina anakuwa kuti moto, anthu kupondana pakhomo. A Chimphonda sanathawe. Anadzuka pang'onopang'ono, kusasa thalauza, n'kufunsa kuti: "Akamwini, ndiye zatha?" Kukanakhala bwino akanangondimenya ndi ndodo.

Lolemba m'mamawa ndinali pakhomo pa a Jailosi, bokosi pa njinga. Anatsegula, kununkhiza, n'kufunsa zomwe ndinachita. Ndinalongosola zonse, za nsalu zomwe, poti bodza ine sindinalizolowere. Anawomba m'manja kuseka. Anaitana ndi ogulitsa anzawo omwe kuti adzamve. Ati kodi kompyuta ndi khanda kuti muziifunditsa? Ati mlandu ndi wa mwini nsalu, iwo ntchito yawo anaigwira. Ndinati chabwino, bwezani fani yanga. Ati anataya.

Ali chilankhulire, ndikumva kanthu kakulira fuu kuseri kwawo. Kusuzumira, kafani kakuda, kakupemerera makina a chimkuzamawu chomwe amabwereketsa pa misonkhano ya zipani. Nanga chimkuzamawu chawocho sichikhala ku Dedza? Chokhacho ndiye chimamva kutentha? Nditaloza, ati timafaniti timafanana, ndipo ndichoke ndikuwathawitsira makasitomala.

Kompyutayo ndinaitengera kwa mphunzitsi wina wa ku sekondale amene amagwiritsa ntchito makinawa. Yankho lake linali lalifupi. Popanda fani ikanapsa basi, kaya ndi nsalu kaya popanda nsalu, ndipo kuikonza n'chimodzimodzi kugula ina. Ndiye inu amene mukutola makompyuta akale m'maofesimu, munthu akakuchotserani kanthu m'bokosimo n'kukuuzani za nyengo, nyamulani katundu wanu muzipita. Musangokhulupirira ngati ine.

Za chitengwa a Chimphonda ayankha. Ati tidzaona zaka zikubwerazi, pakali pano ndikonze mizere, mvula yayandikira. Ndavomera. Ana akandiona panjira amalira ngati galimoto, kenako onse pamodzi kuti phwii. Zimenezonso ndazimeza.

Chimene chikundidya ndi ichi. Mawu a a Jailosi aja oti mlandu ndi wa mwini nsalu, amayi a pamsika anawafikitsa kumudzi ine ndisanafike. Tsopano apongozi anga akuti anawononga ndi iwo. Sakudya bwino. Lamulungu kutchalitchi sanapite, munthu woti ngakhale malungo samuletsa Misa. Dzulo anatuma Agnesi ndi nkhuku yawo yoikira, ati akandipepese, andilepheretsa kupita kwathu ndi mwana wawo. Agnesi wawauza kuti si iwo, koma iwo akuti akungowatonthoza. Ine sindingakakhale nawo pansi n'kuwafotokozera. Ndimangowaona chapatali atakhala pamkeka, dzanja patsaya, ine n'kulambalala kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye a Jailosi, mverani. Ndalamazo sungani. Kafaniko kazipemerera zipani. Koma kwerani njinga mubwere ku Bembeke, mudzaime pabwalo, muwauze mayi okalambawa ndi pakamwa panu pomwepo chimene munachotsa m'bokosi muja. Inu mukhoza kuwayang'ana m'maso, si apongozi anu. Nkhuku yawo ndaimangirira pakhonde. Kuidya sindingathe, kuibweza n'chipongwe. Ikudikira inu.