Nthutumba Ndinaidulira mu Mpunga

Amuna anga anakhala ku Halale zaka zisanu osabwera. Anachoka mwana wathu wamkazi akuyamba kumene kukwawa, ndipo pamene uthenga unafika wakuti ali m'njira, mwanayo n'kuti akutha kusenza kamtsuko kuchokera kuchitsime. Kalatayo sanalembere ine, iyayi. Analembera akulu awo, alamu anga, amenenso anali ankhoswe a ukwati wathu. Alamuwo anafika kumudzi kwathu kuseri kwa Ulongwe, naima pabwalo, mphasa ndayala iwo osaiona n'komwe. Ati m'bale wawo atsika sitima pa Balaka Loweruka, agona kwawo, ndiye Lamulungu masana adzafika kudzaona ngati pakhomo pano pakadali banja. Akalipeza akhala. Akapanda kulipeza abwerera kumene achokera.

Ndinamva bwino lomwe chimene ankatanthauza. Chaka cha njala chija, anthu akukumba zitsa za nthochi n'kumadya, ine ndinaika amayi anga m'manda, kenako ndinatenga mwana n'kupita ku Balaka kukagwira ganyu kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina. Ndinkatunga madzi, kusinja mpunga, kukwecha miphika. Tinapulumuka tonse awiri, ndipo mlandu wanga unali umenewo basi. Azilamu anga aakazi, amene anataya ana awiri chaka chimenecho, anayamba kufunsana kuti mkazi wopanda mwamuna wadya chiyani kuti mwana wake asatupe miyendo. Yankho analipeza okha. Ati ndinkagona ndi khukhi wa pasitolopo. Khukhi wake uti, abale inu? Nkhalamba yachiyao ya mano atatu m'kamwa, yotsokomola tsiku lonse, imene inkanditcha mdzukulu. Koma nkhani yotere siyenda wapansi, inakwera sitima n'kukawapeza amuna anga komweko.

Inenso ndinali nditamva zanga. Obwera kuchokera ku Halale ankanong'ona kuti bamboyo ali ndi mkazi wa m'tauni, wosalala, wodziwa kuphika zamafuta. Ine ndikadziyang'ana ndinkangoona mafupa a m'khosi, tsitsi lofiirira ndi njala, ndi nsalu imodzi yazigamba zitatu. Ndinkawafuna amuna anga, ndisaname. Ndinkawafuna kuti adzafolere nyumba imene inkadontha pamutu pa mwana, ndinkawafunanso chifukwa ndinali nditatopa kukhala nkhani ya pachitsime. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo imene ndinkaidziwa inali ya pamphika.

Pasitolo paja abwana akadya nkhuku, antchito tinkatsalira zam'kati ndi misere ya mpunga. Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndiye chiwindi chimodzi ndi nthutumba imodzi mungagawane bwanji? Nkhalamba ija inali ndi nzeru yake. Inkasenda mafuta achikasu a kumchira kwa nkhuku n'kuwasungunula mumphika. Chiwindi, mtima ndi nthutumba inkaziduladula tating'onoting'ono, mpaka osazindikirika, n'kuzikazinga m'mafutamo kufikira zitada bii ndi kumata pansi pa mphika. Kenako anyezi, tsabola, mchere, timadzi pang'ono n'kupala zomata zija ndi mthiko. Mpunga unkalowa pomaliza. Ukapsa unkatuluka wothimbirira ngati wagwera pansi, ndiye tinkangouti mpunga wakuda. Koma kukoma kwake, mayo! Njere iliyonse inkanunkhira nkhuku, ndipo palibe amene ankadandaula kuti mnzake watenga nyama yaikulu. Nkhalambayo inkalawa n'kunena m'chiyao kuti chambone, ndiko kuti zakoma, ife n'kuyamba kudya.

Ndinatsimikiza kuti amuna anga ndiwaphikira umenewu, aone kuti ngakhale kuno kuthengo kuli mkazi wodziwa zinthu. Ndinayenda ulendo wa kumadambo a ku Shire, ndinaweramira m'munda wa eni ake masiku awiri ndikudula ngala, anandipatsa kansengwa ka mpunga wosasinja. Nkhuku inalipo imodzi, thadzi lofiira limene chitopa chinalilambalala. Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinalitengera thadzilo kwa mnansi wathu Msilamu kuti achinje, monga tinkachitira m'mudzimo kuti mlendo aliyense athe kudya.

Tsono musaganize kuti mwambo sindinkaudziwa. Ndinalangizidwa ine, ndipo anamkungwi anachita kundikoka khutu pa nkhani yomweyi. Nkhuku ya mwamuna imapita yonse, ziwalo zake zokwanira, ndipo nthutumba imakhala pamwamba kuti aione asanafunse. Nthutumba ndi ya mwini nyumba. Ikasowa ndiye kuti mkazi wapatsa mwamuna wina, ndipo amene wadya nthutumbayo wadyanso zina. Amayi akanakhala moyo akanandigwira dzanja mpeni usanatsike. Koma ndinali ndekha kukhitchini, ndipo ndinadziuza kuti mpunga wonsewu ndi wa iwo omwe, nthutumba adya ndithu, ingosintha maonekedwe. Ndinadziuzanso kuti munthu amene wakhala m'tauni zaka zisanu, wokwera sitima, sangamavundule mumphika kufuna kanyama kamodzi. Uchitsiru wanga unagona pamenepo.

Ndinaing'amba nthutumbayo, ndinataya mchenga wa m'kati, ndinasenda kachikopa kachikasu kaja, n'kuitsuka kawiri. Ndinaiika pachipapa cha mtengo pamodzi ndi chiwindi ndi mtima. Kenako ndinadula. Mafuta atasungunuka ndinathira zonse, fungo linakwera mpaka agalu a eni ake anabwera kudzakhala pakhomo. Mpunga nditauthira ndinavundikira ndi tsamba la nthochi, pamwamba phale la makala, moto wapansi ndinauphwasula. Nyama yotsalayo ndinaiphika payokha ndi matimati awiri opempha. Nditavundukula, mpunga unali woyoyoka bwino, wosaphwetera, wosapserera. Ndinaseka ndekha m'khitchinimo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anafika dzuwa lili paliwombo, alamu patsogolo, amuna anga pambuyo atanyamula sutikesi yamalata. Amuna angawo anali atanenepa, atavala jekete ndi chipewa, kutentha konse kuja. Mwana atawaona anathawira kuseri kwa nkhokwe ndipo anakana kutulukako. Ndinagwada, ndinawalonjera, anayankha maso ali pa denga la nyumba. Anafunsa kuti udzu umenewu unafoleredwa liti, ndinati chichokereni iwo. Anayang'ananso dengalo nthawi yaitali, ndipo mtima wanga unati mwina.

Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndinawasambitsa m'manja, n'kubweretsa mbale ya mpunga ndi mphika wa nyama. Ndinakhala chapatali monga kuyenera. Amuna anga anauyang'ana mpungawo modabwa ndi mtundu wake, anatapa pang'ono, anaika m'kamwa. Ndinawaona ndi maso angawa akutafuna pang'onopang'ono, kenako akutapanso wochuluka. Unawakomera. Zimenezi palibe angandilande, unawakomera.

Alamu ndiwo anayamba ndi mphika. Anatenga chipande n'kumatembenuza nyama imodziimodzi. Ntchafu ziwiri, mapiko awiri, chidale, msana, khosi, zipalapasiro zokulunga matumbo. Anabwerezanso kuyambira pachiyambi, osafulumira, ngati munthu wosankha mbewu. Kenako anagogoda chipande m'mphepete mwa mphika.

"Mlamu, nthutumba ili kuti?"

Ndinati ili mumpungamo, ndaiduladula pamodzi ndi chiwindi, ndiwo kaphikidwe kake. Alamu anaseka kam'mphuno nati chibadwire sanamvepo nkhuku yoti nthutumba yake imasanduka mpunga. Amuna anga anali ndi mpunga m'dzanja, pakati pa mbale ndi pakamwa. Anandiyang'ana kumaso koyamba chifikireni, ndipo anafunsa motsitsa mawu.

"Kaphikidwe kameneka munakaphunzira kwa yani?"

Ndikananama. Ndikanati amayi, poti akufa satsutsa. Ndikanati akazi a kumadambo kumene ndinakadula mpunga. Ndakhala ndikuwerenga mabodza amene ndikananena tsiku limenelo, ndipo alipo ambiri abwinobwino. Koma pakamwa panga panatuluka zoona, ndinati kwa khukhi wa pasitolo ku Balaka. Amuna anga anabweza mpunga uja m'mbale, anapukuta zala chimodzichimodzi ndi tsamba, n'kupempha madzi osamba m'manja.

Alamu anatuma munthu kukaitana amalume anga, ankhoswe a mbali yanga. Anali munthu wofatsa, wosakonda milandu, ndipo njala inawasiya akuyenda ndi ndodo. Atamva zonse anakanda m'mutu nati nkhaniyi ndi yapafupi, ngati nthutumba ili mumpunga, ituluke mumpungamo anthu aione. Ankaganiza kuti akundithandiza, a chisoni.

Ndinakatenga lichero, ndinakhuthulirapo mpunga wonse, wa m'mbale ndi wotsala mumphika, n'kugwada pamaso pa amuna atatuwo. Ndinayamba kutola timadontho takuda kamodzikamodzi n'kumaika patsamba la nthochi. Chiwindi chinali chitasungunukira m'njere, sichikanatoleka. Tinthutumba tinali titafota ndi moto, tina tating'ono kuposa njere ya mapira. Mafuta ankaterera m'zala, ntchentche zinadzaza, thukuta linkagwera palichero pomwepo. Akazi a m'mudzi anayamba kudutsa pabwalo panga ndi mitsuko yopanda madzi, wina anadutsa katatu. Ndinatola mpaka mthunzi wa mango unasuntha n'kutisiya padzuwa. Nditamaliza, kamulu konse kanali kosadzaza chikhatho cha mwana.

Alamu anakankha kamuluko ndi kamtengo. Ati thadzi lalikulu chonchija nthutumba yake singachepe chotere, apa mwina pali theka, ndipo theka linalo analidya alipo. Atinso ndani angalumbire kuti timeneti si mtima kapena nyama ya m'khosi. Amalume anayesa kunena kuti nyama ikapsa imafota, koma mawu awo anathera m'chifuwa. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina anenepo kanthu, poti ndiwo analawa, ndiwo anamva nthutumba ikukukutika m'mano mwawo. Ankangozunguza chipewa pabondo.

Pamenepo ndiye mtima unandikwera. Ine ndikapsa mtima sindiona kuti apa pali akulu, ndi chilema changa kuyambira ubwana. Ndinaimirira, lichero lili m'manja, pamaso pa ankhoswe onse awiri.

"Zaka zisanu zonsezi nthutumba zanu mumakadya kwa yani? Amayi anga akufa ndi njala munali kuti? Lero mwabwera kudzawerenga ziwalo za nkhuku imene simunaiponyerepo ngakhale gaga?"

Amalume anati khala pansi mwana iwe, khala pansi. Akazi a mitsuko aja anaima poyera tsopano, osabisalanso. Amuna anga anangoti, "Ndamva." Anavala chipewa, napempha alamu kuti alowe m'nyumba akatenge nkhwangwa yawo imene anaisiya patsindwi popita ku Halale. Mkamwini akapempha nkhwangwa yake palibenso chofunsa, aliyense pabwalopo anadziwa.

Asananyamuke anatsegula sutikesi ija kuti atulutse kadiresi ka mwana. Anakaika pamphasa, poti mwini wake anali akadali kuseri kwa nkhokwe. Pansi pa kadiresiko ndinaona nsalu yatsopano ya munthu wamkulu, yabuluu, yopindidwa bwino, mpango wakumutu, ndi makasu awiri opanda mipini okulungidwa m'pepala. Munthu wongodzaona sanyamula makasu awiri kuchokera ku Halale. Anaona kuti ndaona. Anaphimba zonsezo ndi malaya awo, anatseka sutikesi, ananyamuka. Ndinafuna kuwathamangira, kuwagwira mwendo, kunena kuti pepani bambo, pakamwa pandilakwitsa. Koma anthu anali akuyang'ana.

Lachiwiri anakwera sitima pa Balaka. Sindinawaonenso. Amalume anayenda kawiri kwa alamu, kachiwiriko sanapatsidwe ndi mpando womwe. Kumishoni anandiuza kuti ukwati wa m'tchalitchi sutha, ndikadali mkazi wa mwini wake mpaka imfa, ndiye ndinakalamba ndili mkazi wa munthu amene sindinkadziwa ngati ali moyo. Denga ndinaphunzira kufolera ndekha, anthu n'kumaseka kuti mkazi wakwera patsindwi. Ena amandiuza kuti akanapita ndithu, nthutumba inangokhala poyambira. Amatero pofuna kunditonthoza, koma iwo makasu aja sanawaone.

Tsiku lija anthu atabalalika ndinakhala pamphasa, lichero lili pamiyendo, osalira, osaganiza kanthu. Mwana anatuluka kuseri kwa nkhokwe, anayang'ana uku ndi uku, n'kudzakhala pafupi nane. Kadiresi sanakakhudze. Anayamba kutapa mpunga wozizira uja, wogwiridwagwiridwa ndi zala zanga, kenako anatola kamulu ka patsamba kaja n'kuponya konse m'kamwa. Anadya mwakachetechete, mafuta ali m'masaya, mpaka anayamba kunyambita lichero. Chibadwire anali asanadyepo chinthu chotere kufikira kukhuta. Atamaliza anatsamira pa ine, akupuma movutikira ndi kukhuta.

"Amayi, alendo aja adzabweranso liti kuti mudzaphikenso?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Koma ndinkadziwa.